Goli ndi Chipika: Chithunzi cha kwa Mbame Ngati Nkhani Yomasuliridwa

1. Mau Oyamba

Pali chithunzi china chimene munthu amene adaŵerengapo mbiri ya ukapolo m'chigawo chino cha Africa sachedwa kuchizindikira. Mzere wautali wa anthu ukuyenda m'tchire: amuna ali m'magoli, akazi ndi ana ndi omangidwa zingwe, ndipo pambali pawo pakuyenda amuna onyamula mfuti. Chithunzichi chidatuluka koyamba mu 1865 m'buku la David ndi Charles Livingstone lotchedwa Narrative of an Expedition to the Zambesi and its Tributaries, ndipo mau a pansi pake amanena kuti aŵa ndi akapolo amene adakumana nawo kwa Mbame ali pa ulendo wa ku Tete. Chaka chotsatira chidaonekanso m'magazini ya ku New York ya Harper's New Monthly Magazine, ndipo kuchokera pamenepo chakhala chikusindikizidwa m'mabuku a maiko ambiri.

Wina angafunse kuti nkhani ya chithunzi yadzatani pa msonkhano wa zinenero. Yankho lili m'Chicheŵa chathu chomwechi. Ife timati "kujambula" ponena za munthu wolemba chithunzi ndi pensulo, timatinso "kujambula" ponena za wotola chithunzi ndi kamera, ndiponso wotenga mau a woimba pa tepi. Tsono mwana wa sukulu akauzidwa kuti chithunzi cha kwa Mbame "chidajambulidwa kalekale", amaganiza kuti padali munthu amene adaima pambali pa njira tsiku limenelo natola zimene maso ake adaona. Sizidatero ai. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti chithunzichi ndi nkhani yomasuliridwa, imene idadzera m'manja ndi m'kamwa mwa anthu ambiri isanafike kwa ife, ndi kuti tiyenera kuchiŵerenga ndi maso omwe aja amene timaŵerengera ntchito ya womasulira aliyense, pofunsa kuti adasunga chiyani, adataya chiyani, nanga ankamasulirira yani.

2. Mmene Zithunzi Zotere Zinkapangidwira

M'zaka zambiri za ufumu wa Victoria makina osindikizira sankatha kudinda chithunzi cha kamera pamodzi ndi zilembo pa tsamba limodzi. Nzeru yochitira zimenezi idafala m'ma 1890. Isanafike nthaŵi imeneyo, zithunzi zambiri za m'magazini zinkazokotedwa pa chipika cha mtengo. Mtengo wake unali wolimba kwambiri, wotchedwa boxwood, ndipo wambiri unkachokera ku Turkey ndi maiko oyandikana nawo. Ankaudula mopingasa, osati motsata msempha monga achitira ocheka matabwa, kotero kuti kachitsulo kosongoka kankatha kudula timizere tating'ono kwambiri popanda mtengowo kung'aluka. Mmisiri amene adakuza luso limeneli ku England ndi Thomas Bewick, amene adamwalira mu 1828.

Ntchito inkayenda motere. Wojambula ankalemba chithunzi pankhope pa chipika chopakidwa zoyera, mochita kutembenuza, kumanja kukhala kumanzere, monga zikhalira pa chidindo. Kenaka wozokota ankagoba malo onse oyenera kutuluka oyera, nasiya timizere toti tigwire inki. Pofika pomaliza, chojambula choyamba chija chinali chitatha, chitasanduka tizipalo pansi pa tebulo, ndipo panalibenso njira yoyerekezera zimene wojambula adalemba ndi zimene wozokota adasiya. Popeza thunthu la mtengowo ndi laling'ono, chithunzi chachikulu chinkafuna zipika zingapo zolumikiza ndi mabawuti. Pa nyuzipepala za mlungu ndi mlungu, pamene nthaŵi inali yochepa, ankamasula zipikazo nkugaŵira amisiri angapo, wina mitambo, wina mitengo, wina anthu, kenaka nkuzilumikizanso.

Malonda a zithunzi zimenezi adakula kwambiri Herbert Ingram atayambitsa Illustrated London News pa 14 Meyi 1842, imene kope lake loyamba linali ndi masamba 16 ndi zithunzi 32. Mu 1869 William Luson Thomas, amene iye mwini anali wozokota, adayambitsa The Graphic. Chinanso chofunika kudziŵa nchakuti osindikiza adapeza njira youmbira chipika china cha mkuwa kuchokera pa cha mtengo pogwiritsa ntchito magetsi. Motero chithunzi chimodzi chinkatha kubala anzake ambiri ofanana nacho, ogulitsidwa kwa osindikiza a m'maiko ena, ndipo aliyense wogula anali ndi ufulu woikapo mau akeake pansi pake.

Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Woŵerenga wa ku London amene ankafuna kuona Africa ankatuma anthu osachepera atatu kuti akamuonere: wapaulendo, wojambula ndi wozokota. Mwa atatuŵa, mmodzi yekha ndiye ankakhala atapondako.

3. Mkango wa ku Mabotsa

Tisanafike kwa Mbame, nkofunika tione umboni woti apaulendo eni akewo ankadziŵa vuto limeneli. Umboniwu ukutitengera kumwera, ku dera la mapiri a Magaliesberg ku South Africa, kumene kuli mzinda wa Rustenburg ndi migodi yake ya platinum, dera limene Amalaŵi ena akukhalako ndi kugwirako ntchito masiku ano. Kumadzulo kwa mzindawu, kufupi ndi Zeerust, kuli malo otchedwa Mabotsa, kumene Livingstone adayambira ntchito ya umishoni pakati pa Abakgatla. Kumeneko, mu 1844, mkango udamugwira nkumuphwanya fupa la mkono wamanzere. Amene adamupulumutsa ndi mphunzitsi wachikuda, Mebalwe, amene adayesa kuombera mkangowo. Chilombocho chidasiya mzungu nkulumphira iyeyo, nkumuluma pantchafu.

Pamene John Murray ankakonza buku loyamba la Livingstone, Missionary Travels, la 1857, chithunzi cha ngoziyi chidajambulidwa ndi Joseph Wolf, katswiri wojambula nyama amene ankagwira ntchito yake ku London. Livingstone ataona chithunzicho adaipidwa nacho, nalembera Murray kuti aliyense wodziŵa mkango adzachiseka. Komabe chidasindikizidwa, ndipo chidasanduka chimodzi mwa zithunzi zodziŵika kwambiri za moyo wake. Apa tikuphunzirapo zinthu ziŵiri. Choyamba, mboni yoona ndi maso inalibe mau otsiriza pa chithunzi. Mwini makina ndiye ankadziŵa chimene ogula akufuna. Chachiŵiri, mau a pansi pa chithunzicho amanena za kupulumuka kwa mmishoni, osatchula wompulumutsa, ngakhale kuti dzina la Mebalwe lilimo m'nkhani ya m'bukumo.

Pali chinthu chinanso. M'buku lomwelo Livingstone adalemba mwamphamvu za Maburu a ku Magaliesberg, mapiri amene iye ankawatcha Cashan, mmene ankakakamizira anthu a m'midzi kulima ndi kupalira minda yawo popanda malipiro. Kwa anthu a m'deralo imeneyi ndiyo inali nkhani yaikulu, ndipo nkhani ya nthaka ndi thukuta la munthu wakuda sidathe m'dera limenelo kufikira zaka za migodi. Koma chimene chidatsala m'mitu ya oŵerenga ambirimbiri a bukulo ndi mkango. Chipika chinali chodula, ndipo si nkhani iliyonse imene inkapatsidwa chipika. Wosankha nkhani yoti izokotedwe ndiye ankasankhanso chimene mibadwo idzakumbukire.

4. Zimene Zidachitika kwa Mbame

Tsopano tibwerere kwathu. Mu Julayi 1861 Livingstone ankaperekeza Bishopu Charles Mackenzie ndi anzake a mishoni ya UMCA kuchokera kwa Chibisa, m'mbali mwa Shire, kukwera ku mapiri kukafuna malo omangapo mishoni. Pa 16 Julayi adapumula m'mudzi wa mfumu ya Amang'anja, Mbame. Malinga ndi buku la 1865 lija, Mbame ndiye adawauza kuti gulu la akapolo lidzera m'mudzimo posachedwa. Gululo lidatulukiradi, oyendetsa ake atavala zokongola, ena akuliza malipenga achitini. Ataona azungu adathaŵira m'tchire. Mtsogoleri wawo adagwidwa kwa kanthaŵi ndi Amakololo a Livingstone, ndipo adazindikirika kuti anali kapolo wa mkulu wina wa Apwitikizi wa ku Tete, munthu amene Livingstone ankamudziŵa kale. Bishopu panthaŵiyo kunalibe, anali atapita kukasamba kumtsinje.

Anthu amene adamasulidwa tsiku limenelo anali 84, ndipo ambiri mwa iwo anali akazi ndi ana. Zingwe adazidula ndi mipeni, koma magoli a amuna adachita kuwacheka ndi sowo imene idapezeka m'katundu wa Bishopu. Omasulidwawo adasimba zimene adaona m'njira: akazi aŵiri adaomberedwa dzulo lake chifukwa choyesa kumasula zingwe, khanda lina lidaphedwa chifukwa mai wake sankatha kunyamula mwana ndi katundu pamodzi, ndipo mwamuna wina adatemedwa ndi nkhwangwa atalefuka. Bukulo limasimbanso za kamnyamata kena kamene kadafunsa alendowo kuti iwo ndi anthu otani ndipo achokera kuti. Pomaliza akazi adauzidwa kuti aphike ufa umene adasenza, adye ndi ana awo, ndipo nkhuni za moto umenewo zinali magoli omwe aja.

Nkhani imeneyinso ndi yomasuliridwa. Anthuwo adalankhula m'zinenero za kuno, mau awo nkudzera mwa omasulira, nkukalembedwa m'Chingerezi, ndipo bukulo lidakonzedwa ku England patapita zaka zitatu. Komabe m'nkhani yolembedwayi anthu akulankhula, akufunsa, akusonkha moto. Ngakhale liu lathu lakuti goli lidatsalamo m'bukulo, lolembedwa mwa kamvedwe ka mzungu kuti goree.

5. Zimene Chipika Chidasunga ndi Zimene Chidataya

Wojambula wa ulendo wa pa Zambezi anali Thomas Baines, koma Livingstone adamuchotsa ntchito mu 1859, zaka ziŵiri zisanachitike za kwa Mbame. Chithunzi chimene tili nachochi adachijambula ndi Johann Baptist Zwecker, Mjeremani wokhala ku London amene sanali nawo pa ulendowo, ndipo adachizokota ndi Josiah Wood Whymper.

Tisanadzudzule, tiyambe tavomereza kuti aŵiriŵa anali amisiri enieni. Mzere wa anthu adauyala mwakuti diso limautsata kuchokera kwa amene ali pafupi mpaka kwa amene akuchepera patali, ndipo woona amatsala ndi maganizo oti mzerewo sutha. Kapangidwe ka goli kakuoneka bwino, kotero kuti munthu wa ku England amene sadalionepo ankatha kumvetsa mmene mphanda ya mtengo imagwirira khosi la munthu. Kachitsulo ka wozokota kadagwira ntchito yovuta yotulutsa khungu lakuda ndi timizere toyera popanda matupiwo kusanduka mabala a inki. Ndiponso chinthu chachikulu chimene chithunzichi chikunena nchoona: anthu ankagwidwa, kumangidwa ndi kuyendetsedwa ngati ziŵeto m'mapiri a kumtunda kwa Shire. Womasulirayu sadaname pa mutu wa nkhani.

Koma kuona maso a nkhono nkudekha. Choyamba chimene chidatayika ndi nthaŵi. Pa zonse za tsikulo wojambula adasankha kamphindi kamene anthu adakali m'goli. Sowo mulibe, moto mulibe, mphika mulibe. Magoli amene adapsa kwa Mbame mu 1861 adakasemedwanso ku London pa mtengo wina wosapsa, ndipo anthu aja adabwezedwamo kuti aziyendabe mpaka lero. Wojambula akadasankha akazi akusonkhezera magoli pamoto, dziko likadaphunzira kuona anthu ameneŵa mwa mtundu wina.

Chachiŵiri ndi chiŵerengero. Nkhani yolembedwa ikuti ambiri anali akazi ndi ana, koma diso la woona chithunzi limakokedwa ndi amuna a m'magoli, chifukwa goli ndilo lili ndi maonekedwe ogwira mtima pa pepala. Kusiyana kumeneku si kwakung'ono. Livingstone adafotokoza kuti amalonda a ku Tete ankafuna makamaka akazi ndi ana kuti akawasinthanitse ndi minyanga ya njovu kumtunda kwa Zambezi. Anthu a kwa Mbame sankapita ku zombo za panyanja yamchere. Chithunzi chikabisa akazi, chimabisanso mtundu wa malonda amene ankachitika.

Chachitatu ndi mudzi ndi mwini wake. Mbame, munthu amene adaulula za gululo, adangotsala ngati dzina la malo pansi pa chithunzi. Funso lakuti mfumu ya Amang'anja inkafunanji pouza alendo a mfuti nkhani yotere, pa nthaŵi imene Ayao ankaloŵa m'dzikolo ndipo midzi inali pa mantha, chithunzichi sichilola kuti tilifunse. Woona amaimikidwa pamalo pamene padaima mlendo, kunja kwa mzere, ndipo ntchito imene wapatsidwa ndi yomva chisoni.

Chachinai ndi maina. M'chithunzimo nkhope zikufanana, pakuti wojambula ankajambula mtundu wa anthu, osati munthu wakutiwakuti. Chikhalirecho ena mwa anthu amene adamasulidwa m'dera limeneli chaka chimenecho timawadziŵa. Chuma, mnyamata wa Chiyao, ndi yemwe uja adadzatsogolera pamodzi ndi Susi anthu onyamula mtembo wa Livingstone kuchokera kwa Chitambo mu 1873 mpaka kugombe, ndipo mu 1874 adapita ku Britain kumene adathandiza Horace Waller kulongosola za masiku otsiriza a Livingstone. Wekotani adayendanso ndi Livingstone pa ulendo wake womaliza mpaka kumwera kwa nyanja ya Malaŵi. Kamtsikana kotchedwa Daoma, kamene Bishopu adakanyamula paphewa popita ku Magomero, kadakula nkukhala mphunzitsi ku Cape Town. Anthu otere ndiwo adasungunuka nkukhala timizere ta Whymper.

Tiyeneranso kufunsa kuti chithunzichi chinkamasulirira yani. Pofika 1865 zinthu zinali zitaipa. Mishoni ya ku Magomero idaloŵa m'nkhondo zolimbana ndi Ayao, zimene zidadzudzulidwa kwambiri ku England. Bishopu Mackenzie adamwalira pa 31 Januwale 1862 pamene Ruo amathira mu Shire. Njala yoopsa idagwa m'chigwa cha Shire, boma la Britain lidaitanitsa ulendo wa Livingstone mu 1863, ndipo Bishopu Tozer adasamutsira mishoni ku Zanzibar mu 1864. Buku la 1865 linali ndi mlandu woti liyankhe, ndiponso chala choti liloze Apwitikizi. Chithunzi cha anthu osalakwa ali m'goli, chokhala ndi dzina la Tete pansi pake, chinkagwira ntchito zonse ziŵiri bwino lomwe. Za nkhondo ndi njala zimene zidatsatira, zimene Landeg White adazilongosola m'buku lake la Magomero la 1987, chipika chidangoti chete.

6. Ulendo wa Chithunzi

Chithunzi chikaloŵa m'magazini chimayamba moyo wina. M'buku chinali ndi mutu wathunthu woti uchiteteze. M'magazini chinali ndi ndime zochepa. Pambuyo pake chidayamba kuyenda chokha. Lero chimapezeka m'mabuku ndi pa intaneti chikuimira ukapolo wa ku Africa yense, nthaŵi zina pa nkhani ya anthu otengedwa kupita ku America, nthaŵi zina pa nkhani ya malonda a Aluya, chikhalirecho anthu a kwa Mbame sanali m'gulu lililonse mwa aŵiriŵa. Chifukwa chake chili m'kapangidwe kake komweko: popeza wojambula sadaikemo chizindikiro cha mudzi weniweni kapena nkhope ya munthu weniweni, chithunzicho chimakwana paliponse, monga mwambi umene ungaponyedwe pa mlandu uliwonse.

Osindikiza a nthaŵi imeneyo ankadziŵa kuti oŵerenga amakayika. Mu 1872, pamene nyuzipepala ina ya zithunzi ya ku London idatulutsa chithunzi chozokota cha kukumana kwa Stanley ndi Livingstone ku Ujiji, idaikapo mau a Stanley otsimikiza kuti chithunzicho nchoona ngati chotola ndi kamera. Munthu salumbira pa chinthu chimene palibe akuchikayika. Chodabwitsa nchakuti ife, zidzukulu za anthu ojambulidwawo, ndife amene kaŵirikaŵiri timalandira zithunzi zimenezi popanda funso.

7. Mau Otsiriza

Sitikunena kuti chithunzi cha kwa Mbame chichotsedwe m'mabuku. Chidathandiza kuutsa mitima ya anthu pa nkhanza zenizeni, ndipo ndi ntchito ya luso yoyenera kuiphunzira. Chimene tikupempha kwa olemba mabuku a sukulu, akonzi ndi a mabungwe a zinenero ndi zinthu zitatu.

Choyamba, tisiyanitse mau. Tiziti "chithunzi chotola" ponena za kamera, "chithunzi cholemba pamanja" ponena za pensulo, ndi "chithunzi chozokota" ponena za chipika. Mau onseŵa alipo kale m'chinenero chathu, ndipo sipafunika kubwereka. Chachiŵiri, pansi pa chithunzi chotere pazilembedwa amene adachijambula, kumene adali, ndi chaka chake, monga momwe timalembera dzina la womasulira pachikuto cha buku. Mwana akadziŵa kuti chidapangidwa ku London mu 1865 ndi anthu amene sanalipo pa zochitika za 1861, adzayamba yekha kufunsa mafunso oyenera. Chachitatu, chithunzichi chisamayende chokha. Pambali pake pazikhala nkhani ya tsikulo m'Chicheŵa, yokhala ndi Mbame, anthu 84, sowo ndi moto, pamodzi ndi zimene akuluakulu a ku Blantyre, Chiradzulu ndi Chikwawa adasiyira ana awo za nthaŵi ya magoli.

Ntchito yotsirizayi ndi yathu ife a zinenero, pakuti zimene zidachitika kwa Mbame zidayamba kusimbidwa m'zinenero za kuno zisanapite ku Chingerezi ndi ku chipika. Kuzibweza m'Chicheŵa nkumaliza ulendo umene womasulira woyamba adauyamba, ndipo pamenepo mwana woona chithunzichi adzadziŵa kuti anthu a mu mzerewo, dzuŵa la tsiku limenelo lisanaloŵe, adakhala pansi nadya nsima.